Mtsikana mupezeni, koma mayi musawalande ntchito zonse

Achemwali, mwati mayi anu a zaka 74 akukhala okha cha ku Ngabu, agwa kawiri chaka chino, ndipo mukufuna kuwapezera mtsikana woti azigwira ntchito zonse kuti iwo azingopuma pakhonde. Mtsikanayo mupezeni ndithu. Koma zoti mayi azingokhala, ineyo ndikukana.

Munthu wachikulire akasiya kuyenda, kusesa ndi kugwira khasu, ntchafu zimafooka msanga, moti pakangopita miyezi yochepa amalephera kudzuka pamphasa popanda womukoka dzanja. Kwa amayi vutoli ndi lalikulu chifukwa akasiya kusamba mafupa amayamba kutha mphamvu. Pomwe mtsikana angagwe n'kudzuka n'kudzisansa fumbi, agogo amatha kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo ambiri sayendanso ngati kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti anthu a zaka 65 kapena kuposerapo azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiponso masiku atatu pa sabata azichita zowathandiza kuti asamadzandire. Mphindi 150 zisakuopseni. Ndi theka la ola masiku asanu basi, ndipo ulendo wa kudimba, kutchalitchi ngakhale kuvina pachinkhoswe ndi zolimbitsa thupi zimenezo.

Mtsikana atenge zolemera ndi zoopsa. Ndowa ya malita 20 yochokera kumjigo ndi makilogalamu 20 pamutu, si ya munthu amene wagwa kale kawiri. Mtolo wa nkhuni, kuchapa kumtsinje komwe kuli matope oterera ndi ng'ona, zonsezo zipite kwa mtsikana. Kusesa pabwalo, kupeta, kuphika, kupalira pang'ono m'mawa, zisiyeni m'manja mwa mayi.

Pa kudzandirako, zimene ndikanati muwaphunzitse sizifuna ndalama. Akhale pampando wolimba wotsamira khoma, adzuke, akhalenso, kakhumi, poyamba akudzikankha ndi manja, kenako osagwira. Iyi ndiyo ndimaiona yofunika kuposa zonse, chifukwa ndi mphamvu yomweyo imene amafuna podzuka kuchimbudzi. Kenako agwire mzati wa khonde, aime ndi mwendo umodzi mpaka atawerenga kufika khumi, asinthe mwendo. Akazolowera, ayende motsatira khoma chidendene chikugunda zala za phazi linalo. Masiku oyamba pakhale munthu pafupi. Mayi akati "zachibwana izi, ine ndine mwana wa sukulu?", itanani mnzawo wa kumvano azichita limodzi. Akuluakulu amamvera anzawo kuposa ana awo a m'tauni, tisanamizane.

Nthawi yake muiganizire bwino. Inu muli ku Blantyre kozizira, koma mukangotsika Thabwa nkhani ndi ina: mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Zonsezi azichita m'mamawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo. Munthu akakula samva ludzu msanga, choncho amatha kuuma m'thupi osadziwa, n'kuchita chizungulire pongoimirira. Chigubu cha madzi chizikhala pomwe amakhala. Podzuka pogona ayambe akhala tsonga kanthawi, ndiye aimirire.

Musanayambe zonsezi, apiteni nawo kuchipatala cha Ngabu, kapena ku St Montfort ku Nchalo, akawayeze BP, shuga ndi magazi, ndipo muwauze adokotala mosabisa kuti agwa kawiri. Mankhwala ena a BP amakodzetsa ndipo amatha kubweretsa chizungulire, koma wosintha mlingo ndi dokotala, mayi asasiye okha. Maso nawonso awaone. Ng'ala imabwera pang'onopang'ono, munthu amangoyamba kuphonya chiundo cha pakhomo, pomwe opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo imachitika kuno ku Malawi konkuno.

Mukapita kumudzi, yendani nokha njira yochokera pomwe amagona kukafika kuchimbudzi, usiku. Chotsani miyala, zitsa ndi zingwe za mbuzi, kwirirani maenje amene madzi a dzinja anakumba, agulireni tochi, ndipo pakhoma la chimbudzi pakhale mtengo wogwira. Usiku kachidebe m'nyumba n'kabwino kuposa ulendo wa mumdima. Mapatapata otha kuchidendene atayeni, chitenje chisamakwawe pansi. Ndodo ikhale yofika pomwe timavala wotchi, dzanja likakhala lolendewera.

Pa chakudya sindinena zambiri: matemba odya ndi minga yomwe, nandolo, khobwe, bonongwe, phala la malambe, ndi mkaka ukapezeka. Nsima ya mapira ndi mchere wokha siimanga minofu.

Akadzagwanso n'kumenya mutu, kapena kulephera kuponda ndi mwendo umodzi, musadikire mawa ndiponso musawathowe ndi madzi otentha. Pezani galimoto apite kuchipatala cha boma ku Chikwawa akawajambule.