Timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi timene timamanga kapena kumasula munthu

Abale anga amene mwangofika kumene kunja kuno, ambiri mumabwera ndi Chingerezi chokwanira kukwerera basi, kulonjerana ndi kumva zimene abwana akunena. Povuta ndi polemba. Kuno zinthu zambiri zimayenda papepala ndi pafoni: kupempha tsiku lopuma, kuuza mwininyumba kuti madzi otentha asiya kutuluka, kuyankha kalata ya ku ofesi yoona za olowa m'dziko. Wowerengayo sakuonani nkhope, ndiponso sangakufunseni kuti mumatanthauza chiyani. Ali ndi zimene mwalembazo basi.

Ndiyambe ndi alumikizi. And, but ndi so savuta kwenikweni. Amene amagwetsa anthu ndi unless, until ndi provided that (kutanthauza "malinga ngati"), chifukwa ndi m'timawu timeneti mmene pangano limabisa malire ake. Pepala la nyumba likati "The deposit will be returned unless there is damage", maso amathamangira pa returned, mtima n'kukhala pansi. Koma nkhani yonse yagona pa unless: ndalama yanu idzabwera ngati simunaononge kanthu, mukaononga iwalani. Until amanena za nthawi. "You cannot start until we see your documents" ndiye kuti ntchito ilipo, koma simuyamba mapepala anu asanaonedwe. Timawu tiwiriti timafanana pakamwa, ndipo ndaonapo anthu akulira chifukwa chotisokoneza.

Ngakhale or muzimuyang'ana kawiri. Fomu ikati "passport and proof of address" ikufuna zonse ziwiri. Ikati or, chimodzi chakwana. Kubwezedwa pawindo mutaima pamzere m'mawa wonse chifukwa cha and, liwu la zilembo zitatu, kumawawa.

Pali chizolowezi china chimene timabwera nacho kuchokera m'chinenero chathu. Ife timati "ngakhale ndatopa, koma ndibwera", ndipo zimamveka bwino. M'Chingerezi although ndi but sakhalira limodzi m'chiganizo chotere. Sankhani mmodzi: "Although I am tired, I will come" kapena "I am tired, but I will come." Chimodzimodzinso because ndi so.

Pa zizindikiro za m'kalembedwe, chimene ndimachilimbikira kwambiri ndi mpumiro. Taonani uthenga uwu, wofanana ndi ambiri amene anthu amatumiza kuntchito: "I am sick I cannot come today I will come tomorrow if I am better the doctor said rest". Bwana amene akuwerenga ali pa liwiro sadziwa ngati if akupita ndi zamawa kapena ndi zadokotala. Udulenidule: "I am sick, so I cannot come today. The doctor told me to rest. I will come tomorrow if I am better." Palibe liwu lozama limene lawonjezeka, koma tsopano palibe amene angakupotozereni. Ganizo limodzi, chiganizo chimodzi. Mpatuliro pawokha sulumikiza ziganizo ziwiri zathunthu. Pamafunika mlumikizi kapena mpumiro.

Musaupeputse mpatuliro. Mu 2017 khoti la apilo ku America linagamula mokomera madalaivala a kampani ina ya mkaka ku Maine chifukwa lamulo la malipiro a maola owonjezera linalibe mpatuliro pamndandanda wina, moti linkamveka pawiri. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Ngati maloya amakanganirana kachizindikiro kotero, inu musasaine pangano musanaliwerenge modekha.

Zina n'zachidule. It's ndi chidule cha it is kapena it has, pamene its amasonyeza umwini. Nkhodolero sachulukitsa dzina, choncho lembani documents, osati document's, mukamanena mapepala ambiri. Liwu loti I (ine) limalembedwa ndi chilembo chachikulu paliponse, monganso mayina a masiku ndi miyezi. Uthenga wonse wa zilembo zikuluzikulu amaumva ngati mukukalipa, ndipo mifuuliro itatu m'kalata yodandaula imachititsa kuti aone mkwiyo wanu m'malo moona vuto lanu.

Amene mukukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, dziwani kuti gawo lolemba amalichonga pa mfundo zinayi zolemera mofanana, ndipo imodzi mwa izo ndi mmene maganizo anu akulumikizirana. Koma musaganize kuti kumwaza moreover ndi furthermore pamzere uliwonse kukuwonjezerani malikisi. Ochonga amaona msanga mlumikizi amene waikidwa pongofuna kukometsera. Because woikidwa pamalo pake amaposa onsewo.

Musanatumize chilichonse chokhudza ntchito, nyumba kapena chilolezo chokhalira m'dziko, chiwerengeni mokweza. Pamene mpweya wakutherani musanafike kumapeto, pakufunika mpumiro. Foni imakonza masipelo, koma siidziwa ngati mumafuna unless kapena until. Makalata amene mumalandira musataye. Onani mmene eniake amadulira ziganizo zawo, muzitengerapo. Ndipo akakupatsani pepala loti musaine lili ndi provided that kapena unless pamene simukumvetsa, pemphani kope, mupite nalo kunyumba, mufunse munthu womvetsa, mudzasaine mawa lake.