Tifunseni: Kodi Misa ya Chilatini ija ndi mpatuko?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni ndipo abwana anga amanditenga Lamulungu ku Roodepoort ku Misa ya Chilatini ya ansembe a gulu la SSPX (Society of St Pius X). Kunena zoona ndimaikonda, mutchalitchi muli ziii, azimayi onse mipango kumutu, wansembe wayang'ana ku guwa, Ukaristia timalandira chogwada pa lilime ngati mmene ankasimbira agogo anga ku Dedza. Koma amayi pa WhatsApp akuti ndalowa mpatuko, ndiye mtima suli m'malo. Nzoona eti?
Mayi wa ku Cosmo City

YANKHO: Achemwali, amayi anuwo musawanyoze, nkhawa yawo ili ndi pogwira. Chilatinicho sicholakwika ayi, nkhani yagona pa kumvera Papa. Gululi analiyambitsa ndi Ambuye Marcel Lefebvre mu 1970 ku Switzerland, munthu woti anatumikirapo ku Gabon mpaka kukhala arkiepiskopi wa Dakar, koma sanagwirizane ndi zina zomwe msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II unasintha. Ndiye pa 30 June 1988 anadzoza maepiskopi anayi Papa John Paul II atawauza kuti asatero, basi onse anagwa m'chilango chochotsedwa mu Mpingo. Papa Benedict XVI anadzachotsa chilangocho pa anayi aja mu 2009 koma ananenetsa kuti gululi lilibe malo ovomerezeka mu Mpingo ndipo ansembe ake sakutumikira mwa lamulo. Papa Francis naye anatambasula dzanja, mu 2016 analola kuti kulapa kwa ansembewa kuzikhala kovomerezeka, komabe umodzi wathunthu sunabwerepo.

Ndiye Yesu mu Ukaristia wawo alimo, ndi ansembe odzozedwa ndithu, pamenepo musakayike. Chimene chimandiwawa ine nchoti wansembe amatchula dzina la Papa mkati mwa Misa koma Papa yemweyo akalamula iwo amasankha zoti amve, zili ngati mwana wodya pa mkeka wa bambo ake koma akamutuma akuti ndikudziwa bwino ndine. Ansembe ena anaziona zimenezi mu 1988 momwemo, anatuluka nkuyambitsa gulu lina la ansembe lotchedwa FSSP, Misa yake ya Chilatini yomweyo koma ali pansi pa Papa.

Ine ndikanakhala inu ndikanabwerera ku parishi, ngakhale pakhale pa taxi ziwiri. Pitani ku Cathedral of Christ the King ku Joni konko mukafunse abambo ngati mu dayosizi muno muli Misa ya Chilatini yololedwa ndi episkopi, poti kuyambira 2021 chilolezo chimachokera kwa episkopiyo. Mpango wanu valanibe, kugwada polandira palibe angakuletseni, ndipo amayi aja muwaimbire lero lomwe agone tulo.