Ndalama zakale zokwechedwa ndi Brasso: kodi zingabwerere mwakale?

Amayi, pepani ndi imfa ya abambo. Funso lanu ndalimva: mwapeza chitini cha ndalama zachitsulo zakale m'sutikesi mwawo ku Chilenje mu Lusaka, zina mwazikwecha ndi Brasso, mankhwala aja owalitsira zitsulo, zina mwaziviika m'mandimu osakaniza ndi mchere, tsopano zikung'anima modabwitsa ndipo wogula wina wakuuzani kuti zatsika mtengo. Mukufuna kudziwa ngati pali njira yozibwezera maonekedwe ake akale.

Choyamba, zimene simunazikhudze zisiyeni momwemo, ngakhale zikuoneka zakuda bii. Kuda kumeneko ndi kumene osonkhanitsa ndalama zakale amafuna.

Zokwechedwazo ndisakunamizeni, sizingabwerere ndendende. Ndalama ikamadindidwa, chidindo chimakanikiza chitsulo mwamphamvu, chitsulocho n'kuyenderera kuchoka pakati kupita m'mphepete, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizereto ndi timene timachititsa kuti ndalama yosagwiragwira mukaipendeketsa, kuwala kuzizungulira pankhope pake. Pamwamba pake mpweya umayala khungu lina pang'onopang'ono kwa zaka makumimakumi. Brasso imapala zonsezi, mandimu amazidya. Usiku uno tengani imodzi, zimitsani getsi, muiunike ndi tochi ya foni cha m'mbali. Pamalo osalala, kutsogolo kwa nkhope ya a Kaunda, muona tizikanda tambirimbiri tolowera mbali imodzi, komwe nsalu inkadutsa. Chilonda chimapola koma chipsera chimatsala: mtundu udzabwera, tizikandato sitidzachoka. N'chifukwa chake makampani oyeza ndalama zakale a ku America, monga PCGS ndi NGC, amalemba kuti ndalamayo inatsukidwa ndipo saipatsa nambala yeniyeni ya giredi, yosonyeza ubwino wake.

Komabe musataye mtima, pali zambiri zoti muchite kuti zisiye kuthobwa m'maso.

Yambani mwazipatula malinga ndi chitsulo chake. Makobidi obowola pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja a njovu ziwiri, ndi a mkuwa wosakaniza. Chimodzimodzi 1 ngwee ndi 2 ngwee za 1968, chaka chimene kwacha inayamba. Koma kuyambira 1982 tindalama tiwiriti tinayamba kupangidwa ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi mkuwa, choncho yesani ndi maginito. Zokakamira ku maginito musaziviike m'madzi, zichita dzimbiri. Za 5, 10 ndi 20 ngwee ndi za mkuwa wosakaniza ndi nickel, mulibe siliva ngakhale zili zoyera. Siliva mungaipeze m'matiki (tindalama ta mapeni atatu) ndi m'masheleni a Southern Rhodesia kapena a Britain a chaka cha 1947 chisanafike, komanso a South Africa mpaka 1960.

Kenako chotsani zotsalira za mankhwala aja, apa ndiye pofunika kwambiri. Brasso imasiya phala loyera pakati pa zilembo, ndipo mchere ukatsala pa mkuwa umabala ufa wobiriwira umene umadya chitsulo mpaka kukumba timaenje. Kupatula zokakamira ku maginito zija, ziviikeni m'madzi otchedwa distilled water, aja othira m'batire ya galimoto, koma onetsetsani kuti ndi madzi okhaokha, osati asidi. Madzi a pampopi kapena a pa borehole ayi. Lusaka yakhala pamwala wa laimu, onani zoyera zimene zimamatirira m'ketulo mwanu, zomwezo zidzasiya mawanga pa ndalama. Muzisintha madziwo tsiku lililonse kwa masiku angapo. Mukatero ziviikeni kwa mphindi zochepa mu acetone weniweni wa ku hardware, m'kapu yagalasi, panja, kutali ndi mbaula chifukwa amayaka msanga. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ayi, muli mafuta ndi zonunkhiritsa. Osapukuta. Ziikeni pansalu yofewa ziume zokha, ndipo muzizigwira m'mphepete basi, chifukwa pachitsulo chosendedwa chonchi chala chimasiya chidindo chosafufutika.

Chotsala ndi kudikira. Iliyonse iikeni payokha mu envelopu yapepala lakhaki, muisunge mu dirowa youma, muziitembenuza kamodzi pamwezi. Pepala lotere limakhala ndi sulufule pang'ono, ndipo pamodzi ndi mpweya limadetsa chitsulo mwapang'onopang'ono. Mkuwa umafulumira: pakatha miyezi ingapo kufiira kosaoneka bwino kuja kumayamba kuzirala n'kulowera ku mtundu wa khofi. Siliva imafuna zaka. Za nickel zija ndiye zochedwa koposa, zimangotuwa pang'ono. Ena amati muziike pawindo. Ine kuno kwathu sindilimbikitsa, chifukwa fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala likadzazapo dzanja limafuna kupukuta, mwawonjezeranso tizikanda. Ngwee wamba yothaitha kale mutha kumayenda nayo m'kachikwama pamodzi ndi ndalama zina kwa miyezi yambiri, kung'anima kumatha, koma zilembo nazo zimaperepeseka. Musachite zimenezi ndi 5 shillings ya 1965, ija yokumbukira chaka chimodzi cha ufulu, ngati ilimo.

Ndaona m'makomenti ena akukuuzani zotsekera ndalama m'chitini ndi dzira lowiritsa, kuiviika mu Jik, kuiwotcha pamoto, ngakhale kupaka polishi wa nsapato. Chonde, amayi, musayese. Inde dzira limadetsa siliva m'maola ochepa chifukwa cha sulufule, koma mtundu wake umatuluka wabuluu ndi wapepo, wamawangamawanga, wongokhala pamwamba. Kuda kwachilengedwe kumazama m'makona a zilembo ndi m'mphepete, pamwamba pa tsaya ndi tsitsi n'kukhala powala pang'ono. Wodziwa amasiyanitsa akangoyang'ana, ndiye ndalama yanu imakhala ndi milandu iwiri, kutsukidwa ndi kupakidwa. Moto ndi Jik zimawononga chitsulo chenichenicho. Ndipo tsiku limene mudzagulitse, ngakhale mtundu utabwera bwino chotani, muuzeni wogula kuti inatsukidwapo. Amene amagula zinthu zimenezi mu Lusaka muno si ambiri ndipo amadziwana, mukabisa kamodzi mbiri imayenda.

Za mtengo musadzipweteke nazo mutu kwambiri. Ngwee zambiri za nthawi ya a Kaunda zinadindidwa zochuluka zedi, ndipo zikakhala kuti zinayenda m'manja mwa anthu mtengo wake unali wochepa kale musanazikhudze. Zolemba za pa Facebook zoti kandalama kamodzi kangakugulireni galimoto musazikhulupirire. Pamene mwina mwataya kanthu ndi pa za siliva ndi zimene abambo anasunga zili zatsopano.

Mtundu ukafika pokukondweretsani, zichotseni m'maenvelopu kuti zisapitirire kuda. Musaziike m'timapulasitiki tofewa ta PVC, timatulutsa zomata zobiriwira, ndipo musazimange ndi labala. Pezani timakapusozi ta pulasitiki yolimba, muike m'bokosi pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'makatoni a nsapato, makamaka mvula ikayamba mu Novembala.

Ngati mungathe, jambulani mbali zonse ziwiri masana pamthunzi, popanda flash, chaka chioneke bwino, mutumize m'gulu muno. Ndikuuzani zimene zili za siliva ndi zoyenera kuyamba kuviikidwa, makamaka ngati pali yomwe yayamba kale ufa wobiriwira uja.