Mawu okoma ndi poyambira chabe

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu angadzakhale wowerenga nkhani pa wailesi kapena pa kanema, poti ali ndi mawu okoma ndipo sachita manyazi pagulu. Mawuwo ndi mphatso ndithu, musawapeputse. Koma ntchitoyi ndi utolankhani, ndipo mbali yaikulu imachitika maikolofoni isanatsegulidwe.

Amene timamumva nthawi ya nkhani za m'mamawa amafika ku situdiyo anzake akadali mtulo. Amawerenga zomwe atolankhani atumiza, kuimba foni kutsimikiza mayina ndi manambala, kufunsa katchulidwe ka dzina lachilendo, kenako kudula ziganizo zazitali. Kulembera khutu n'kosiyana ndi kulembera diso. Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera pamzere wapamwamba, koma womvera wailesi alibe mwayi umenewo, mawu akadutsa adutsa. N'chifukwa chake chiganizo chilichonse chimafunika kunyamula mfundo imodzi, yoti munthu ainene osapumira pakati.

Akalowa pa kanema zimachulukanso. Maso ali pa teleprompter, chipangizo choonetsa mawu oti awerenge, m'khutu muli kachipangizo komwe mkonzi akumuuza kuti kwatsala masekondi 20, mwina nkhani yasintha ali pakati poiwerenga. Apa ndi pamene zimaonekera ngati munthu amaimvetsa nkhaniyo kapena amangotchula mawu. Walter Cronkite, yemwe ankawerenga nkhani zamadzulo pa kanema wa CBS ku America kuyambira 1962 mpaka 1981, anayamba ngati mtolankhani wolemba, n'kukatolanso nkhani za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Pa 22 November 1963, Pulezidenti John F. Kennedy atawomberedwa ku Dallas, malipoti oti wamwalira ankabwera, koma Cronkite ankauza owonera kuti sanatsimikizike, mpaka uthenga wotsimikizika utafika m'manja mwake. Kudekha kumeneko ine ndimakuona ngati mtima wa ntchito yonseyi, ndipo sikuchokera pakhosi.

Muuzeninso zowawa zake. Nkhani sizidziwa tchuthi, malipiro poyamba amakhala ochepa, ndipo akalakwitsa dzina limodzi lokha anthu amamunena tsiku lonse pa Facebook. Andale nawo amafuna nkhani iwakomere, choncho ayenera kudziwa kukana mwaulemu.

Panopa alimbikire maphunziro a zilankhulo ndi mbiri, azitsata zochitika m'dziko ndi kunja, ndipo akamaliza sekondale akachite maphunziro a utolankhani. Asanyoze wailesi yaing'ono ya m'dera, chifukwa kumeneko munthu mmodzi amatola nkhani, kuilemba, kuikonza ndi kuiwerenga yekha, ndipo amaphunzira msanga. Ngakhale lero lomwe angathe kuyamba: atenge nkhani ya m'nyuzipepala, ailembenso m'ziganizo zisanu, adzijambule pa foni akuiwerenga, kenako inuyo mumvetsere kamodzi kokha. Mukatha kumufotokozera zomwe mwamva osafunsanso, ndiye kuti wailemba bwino.