Labala ikhale pansi pa felemu, osati pansi pa jenereta

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndili ndi injini ya dizilo ya mahosipawa 12 yomwe imazungulira ka 2,200 pa miniti. Ndagulanso jenereta yopanda injini ya makilowati 5, yolembedwa 1,500 rpm ndi 50 Hz. Ndikufuna kuzilumikiza ndi lamba. Ndaganiza zomangirira chilichonse pathabwa lakelake, pansi n'kuyalapo labala kuti zisamanjenjemere. Kodi zitheka?"

Bambo, injini yanuyo ikwanira. Kilowati imodzi imafuna mahosipawa pafupifupi 2, ndiye 12 atha kukoka makilowati 5 osabanika. Koma za matabwa awiri ndi labalazo, chonde zisiyeni.

Lamba amakoka mwamphamvu. Mukayatsa chinthu chodya magetsi ambiri, jenereta imalemera, lamba n'kuikokera kufupi ndi injini. Ikakhala palabala payokha imapendekeka, lamba amakhwepa n'kuyamba kuterereka ndi kutentha, ndipo mapule, mawilo omwe lamba amayendapo, sayang'anananso. Zikatero mabeyaring'i, omwe amanyamula shafti (chitsulo chozungulira chapakati pa makina), sachedwa kutha, tsiku lina lamba amangovuka makina ali mkati mozungulira. Thabwa nalo limafota ndi kumwa oyilo, mabawuti n'kumasuka okha.

Injini ndi jenereta zikhale pafelemu imodzi yachitsulo chochindikala, yowotcherera bwino, yokhala ndi mipiringidzo pomwe pafike miyendo ya makina onse awiri. Zonse zimangidwe chitsulo pachitsulo kuti zikamanjenjemera zizinjenjemera ngati chinthu chimodzi. Labala yanu ija ndiye muiike pansi pa felemuyo, m'makona.

Musanagule chitsulo, tsimikizani kuti jeneretayo ili ndi mabeyaring'i awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ya beyaring'i imodzi inapangidwa kuti izimangidwa painjini penipeni, shafti ya injini n'kumanyamula mbali inayo. Yotere siyendera lamba.

Mabowo a mbali ya jenereta akhale otalika kuti izitha kusendezeka pokunga lamba. Mukaikhazika, musathamangire sipanala. Yang'anani kaye ngati miyendo yonse inayi yaponda. Ngati umodzi ukulendewera, tsenderanipo tizitsulo topyapyala mpaka uponde. Ambiri amangoukakamiza ndi bawuti, osadziwa kuti akupotokola thupi la jenereta, ndipo mwendo wa chitsulo chosungunula utha kuthyoka kumene. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 pamutu, ndi manati osamasuka okha.

Tsopano mapule. Jenereta yanu imatulutsa 50 Hz, kutanthauza magetsi opita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, pokhapokha ikamazungulira ka 1,500 pa miniti, yomwe ndi 1,500 rpm ija. Pule ya 15 cm painjini ndi ya 22 cm pajenereta zikupatsani zimenezo ndendende, chifukwa 2,200 kuchulukitsa ndi 15, kugawa ndi 22, yankho ndi 1,500. Pamphamvu yotereyi ine ndingasankhe mapule a mizere iwiri, malamba onse atsopano komanso ofanana. Pule iliyonse ikhale ndi kiyi wake, kachitsulo koiletsa kuterereka pashafti, ndipo muikankhire kufupi ndi beyaring'i, osati kunsonga kwa shafti. Gonekani chitsulo chowongoka m'mbali mwa mapule onse awiri. Ngati milomo yawo ndi yochindikala mofanana, chitsulocho chikhudze malo anayi, awiri papule iliyonse. Diso lokha limanamiza. Musakunge lamba ngati ng'oma: mukamudina pakati ndi chala mwamphamvu pang'ono, alowe pafupifupi 16 mm pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati pa mashafti. Ngati pajenereta pali muvi wosonyeza kozungulira, utsatireni, chifukwa fani yoziziritsa imadalira zimenezo.

Chotchingira malamba musachitenge ngati chokongoletsa. Shafti yozungulira ka 25 pa sekondi ikagwira mkono wa malaya, simupeza mpata woubweza. Musalize injini chotchingiracho chisanamangidwe, ngakhale poyesa chabe. Felemu ilumikizidwe ndi waya kuchitsulo chokhomera munthaka, ndipo makinawa akhale panja popita mphepo, chifukwa utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha womwe suoneka kapena kununkha.

Tsiku loyamba lizani musanalumikize kanthu, mita yoyezera ma Hz ili m'manja. Ikasonyeza 51 kapena 52 Hz zili bwino, itsikira ku 50 mukalumikiza katundu. Pakatha theka la ola zimitsani, gwirani pomwe pali mabeyaring'i mumve ngati patentha kwambiri, pitaninso ndi sipanala pabawuti iliyonse, ndipo mukungenso malamba, chifukwa atsopano amatamuka m'maola oyambirira.