Nyanja ya Quilotoa ndi msika wa Zumbahua sizifuna liwiro

Mayi wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati angathe kunyamuka m'mawa ku Quito, likulu la dziko la Ecuador, kukaona nyanja ya Quilotoa ndi msika wa ku Zumbahua, tauni yaing'ono ya pafupi ndi nyanjayo, n'kubwerera tsiku lomwelo. Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa alendo othamanga chotere ndinawaona ndi maso anga kumeneko.

Ine ndinafika ku Zumbahua Lachisanu madzulo pa basi yochokera mumzinda wa Latacunga, ndipo Loweruka kusanache bwalo la msika linali litadzaza kale. Anthu a mtundu wa Kichwa ankatsika m'mapiri akukusa nkhosa, nkhumba ndi nyama zotchedwa llama zitasenza matumba a mbatata, pamene amayi ovala zipewa ndi mashawelo owala ankanenerera mitengo ya anyezi ndi mbira m'chinenero chawo. Atelala anali atandanda panja ndi makina awo, akusoka zigamba eni zovala ataima pomwepo. Dzuwa litakwera kunafika galimoto ya alendo, amene anazungulira gogo wina wogulitsa nyemba, kumujambula osamupatsa moni, osagula kanthu, n'kukweranso galimoto yawo. Ndinene mosabisa kuti khalidwe limeneli ndi lachipongwe. Msika uja ndi pamene mabanja amapezera ndalama za sabata yonse, ndipo amene alibe nthawi yogula ngakhale chimanga chootcha asavutike n'kupitako.

Nayonso nyanja imalanga munthu wothamanga. Ili m'chidzenje chimene chinatsala phiri la moto litaphulika zaka pafupifupi 800 zapitazo, chotambalala makilomita 3, ndipo madzi ake, obiriwira chifukwa cha mchere wa m'nthaka, ndi akuya mamita pafupifupi 250. Pamwamba pa chidzenjecho ndi mamita oposa 3,900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, kutanthauza kuti ngakhale Sapitwa pa Mulanje, wa mamita 3,002, amatsalira pansi. Mpweya ndi wochepa kwambiri. Kutsetsereka kukafika kumadzi kumatha theka la ola, koma pobwerera njira yamchengayo imadya ola lathunthu kapena awiri, munthu ali wefuwefu, mutu ukugunda. N'chifukwa chake eni dera amadikira pansi ndi nyulu zawo kuti akweze olephera pa mtengo wake, ndipo sindiona chamanyazi kukwera nyuluyo.

Yankho lanu

N'zotheka ndi galimoto yahayala, koma musatero. Yambani mwakhala ku Quito, pa mamita 2,850, kuti thupi lizolowere, kenako mukagone ku Zumbahua Lachisanu, muone msika m'mamawa, masana mupite kunyanja. Loweruka likakuphonyani, msika wa ku Saquisilí, tauni ina ya m'chigawo chomwecho, umachitika Lachinayi. Tengani juzi yochindikala ndi madola a ku America ang'onoang'ono, popeza ndiyo ndalama ya dzikolo kuyambira 2000 ndipo ogulitsa savomera msanga kusintha pepala lalikulu.