Mwana wanga akufuna kukwatiwa ndi Msilamu kuno ku UK, nditani?

Imelo imeneyi inabwera Lachiwiri usiku ndili pa shifiti, ndinayiwerenga pa break kenako tulo tonse tinabalalika ngakhale nditafika kunyumba. Alemba ndi mayi anzathu a ku Malawi konkuno ku Mangalande, dzina sinditchula. Mwana wawo wamkazi wa zaka 24 wapeza mnyamata wachisilamu, makolo ake anachokera ku Pakistan, akufuna kupanga nikah, ukwati wachisilamu. Ndiye mayiwa akuti akuopa, akuti anthu amenewa achuluka muno, akufuna Sharia (malamulo a Chisilamu), kodi chipembedzo chawo chingayendere limodzi ndi malamulo a dziko lino, nanga mwana wanga sadzathera mmanja mwa zigawenga?

Achemwali, pepani ndiyamba ndi zanga kaye chifukwa funso lanu landikanda pachilonda.

Ine agogo anga obereka mayi anali Msilamu wa kunyanja, Myao weniweni, bambo anga a CCAP mpaka mkulu wa mpingo. Ndakula ndikuona zonse ziwiri mnyumba imodzi. Pa Khrisimasi mbuzi sinkaphedwa ndi aliyense, ankatumiza mwana kukaitana a shehe kapena amalume kuti azinge, kuti aliyense adye momasuka, ndipo palibe ankaona chachilendo. Mwezi wa Ramadhani ife ana achikhristu ndi amene tinkayamba kuzungulira mbale za futari dzuwa lisanalowe nkomwe, agogo nkumatithamangitsa ndi chipande kkkk. Maliro a agogowo anachitika tsiku lomwelo mwachisilamu, akwaya a kumpingo kwa bambo anabwera koma anangokhala phee osaimba, kenako amvano anathandiza kuphika. Ndiye munthu akandiuza kuti "anthu amenewa" ine ndimaona nkhope ya agogo anga atavala mpango, akundipaka mafuta a kokonati kumutu. Sindingachitire mwina.

Komanso tisaiwale, Malawi yemweyo analamulidwa ndi Msilamu zaka khumi, Bakili Muluzi 1994 mpaka 2004. Tingamunene zambiri bamboyo, za third term ndi zina, koma Sharia sanatibweretsere. Kalembera wa 2018 anapeza Asilamu ali 13.8 peresenti kwathu. Kuno ku England ndi Wales kalembera wa 2021 anapeza 6.5 peresenti, anthu ngati 3.9 miliyoni. Ndiye kuti kwathu Asilamu ndi ochuluka kuposa kuno tikatengera maperesenti, koma mantha tawaphunzirira kuno, pa Facebook ndi ma WhatsApp group a tchalitchi. Ndizimene zimandipweteka.

Ndipo mawu oti "achuluka muno" kutuluka pakamwa pa ife, eti? Ife amene tinabwera pa care visa dzanadzanali? Mukukumbukira chilimwe cha 2024, atsikana ang'ono atatu ataphedwa ku Southport, bodza linafala pa intaneti kuti wapha ndi Msilamu wothawa kwawo wobwera pa boti. Sizinali zoona, mnyamatayo anabadwira ku Cardiff, makolo ake a ku Rwanda. Koma anthu anali atapita kale kukagenda mzikiti, ku Rotherham mpaka kufuna kuyatsa hotela yokhala anthu ofuna chitetezo, anthuwo ali mkati. Sabata imeneyo ine ndinkakwera taxi kupita kuntchito mmalo mwa basi, ndalama yonse ya shifiti kuthera panjira, chifukwa gulu lija likakumana nawe silifunsa kuti umapemphera Lachisanu kapena Lamulungu, limangoona khungu basi. Amene anakhalapo ku Joni mu 2008 kapena 2015 akudziwa, mabasi anakatenga anthu athu kubwerera nawo ku Blantyre ndi chikwama chimodzi. Moto ukayaka patchire susankha udzu.

Koma, ndipo apa ena andikwiyira, sindikunena kuti mantha anu alibe mutu. Uchigawenga wa anthu odzitcha Asilamu ulipo ndipo wapha anthu. London pa 7 July 2005 anafa anthu 52. Manchester Arena mu May 2017 anafa 22, ambiri ana ndi achinyamata. Ku France mphunzitsi Samuel Paty anadulidwa mutu mu 2020 chifukwa cha zithunzi zimene anaonetsa mkalasi, ndipo konkuno ku Batley mphunzitsi wina anathawa panyumba pake mu 2021 pa nkhani yofanana. Zimenezi ine sindiziphimba, ndipo ndimanyansidwa ndi azungu ena ophunzira amene ukangozitchula amayamba kutsokomola nkusintha nkhani ngati wawatukwana. Munthu amene akuti ukanyoza chipembedzo changa ndikupha, ameneyo sangakhale pansi pa lamulo limodzi ndi anzake, basi, palibe zokambirana. Chinthu chimodzi chokha choti muone, atatu mwa anyamata anayi a 7 July anabadwira konkuno, wophulitsa bomba ku Manchester uja nayenso anabadwira ku Manchester komweko. Ndiye kutseka malire pakokha sikukanawaletsa. Anakulira muno, kuphunzira sukulu za muno, wina nkuwapeza ali osokonezeka nkuwathira poizoni mmutu.

Ndipo pafupi ndi kwathu zilipo. Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kuyambira October 2017 pamene zigawenga zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia, kenako Palma mu March 2021 mpaka ntchito ya gasi ya Total kuima, asilikali a Rwanda ndi a SADC kulowererapo. Anthu amene akhala akudulidwa makosi ndi kuthawa mmidzi kumeneko ambiri ndi Asilamu okhaokha, asodzi, alimi, anthu ngati agogo anga aja. Mashehe akumeneko ena anali atachenjeza kale boma kuti kuli anyamata akuphunzitsa zachilendo mmizikiti. Ndiye ukamati Msilamu aliyense ndi chigawenga ukuika wophedwa ndi womupha mthumba limodzi.

Ine maganizo anga, ndipo ndikamalemba pano akulimbirabe, funso loti "kodi Chisilamu chimagwirizana ndi malamulo a boma" ndi lolakwika kafunsidwe kake. Palibe chipembedzo chimene chimagwirizana ndi boma pa chilichonse. Mipingo ina ya kwathu imakana katemera ndi chipatala, mu 2010 nthawi ya chikuku apolisi ankachita kuperekeza azaumoyo. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana khadi la chipani, kumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, kuthawira ku Mozambique ndi Zambia, ndipo pamenepo wolakwa anali boma. Ana achirasta akhala akubwezedwa kusukulu chifukwa cha ma dread mpaka khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aziloledwa. Za hijabu mmasukulu a mishoni munamva, 2019 ku Balaka mpaka zinthu kuonongedwa, a PAC (Public Affairs Committee, bungwe la zipembedzo) nkudzakhazika pansi mbali zonse. France inasankha njira ina, 2004 inaletsa mipango ndi zizindikiro zachipembedzo mmasukulu a boma, 2010 inaletsa kuphimba nkhope pagulu, Britain sinatero. Ine sindikuona kuti France ili pamtendere kuposa kuno. Funso loyenera kufunsa munthu aliyense, Msilamu, wa Pentekosite, ngakhale mkulu wa mpingo ngati bambo anga, ndi loti zikavuta, mawu omaliza akhala a ndani, a khoti kapena a abusa ako? Ndipo mkazi wako kapena mwana wako akafuna kuchoka, umulola achoke wamoyo ndi katundu wake?

Za Sharia imene mukuiopayo

Kuno kulibe khoti la Sharia lodula manja, zimenezo ndi za pa TikTok. Chilipo ndi ma Sharia council, magulu a mashehe amene makamaka amamva nkhani za mabanja, ndipo ambiri opitako ndi azimayi ofuna kuti ukwati wawo uthe mwachipembedzo mwamuna akamakana. Alibe mphamvu ya lamulo. Boma linapangitsa kafukufuku amene anatuluka mu 2018 motsogozedwa ndi Professor Mona Siddiqui, ndipo vuto lalikulu limene anapeza ndi lomwe ine ndinaliona ndi maso anga.

Msuweni wanga wa mbali ya mayi anakwatiwa ndi Msilamu mnzake kuno, nikah yabwino, mpunga wa biriyani, ife tinavina mpaka miyendo kutupa. Zaka zisanu ndi ziwiri, ana awiri, nyumba ya mortgage mdzina la mwamuna yekha ngakhale iye ankathirako ndalama ya ma shifiti ausiku. Tsiku lina bambo aja anangoti zatha. Tinapita limodzi kwa loya, ine nditanyamula fayilo yonse ndi chikalata cha nikah chokongoletsedwa bwino, loya anachiyang'ana nkutiuza kuti pamaso pa lamulo la England awiriwa sanakwatiranepo. Msuweni wanga anangoti "ndiye zaka zonsezi ndinali ndani?" Ine ndinalira mu car park kuposa iyeyo. Ndalama yosamalira ana inatheka kudzera ku child maintenance koma za nyumba inali nkhondo yoti ndalama zake tinalibe. Ndipo si iye yekha, mu 2020 Court of Appeal inagamula chimodzimodzi pa mlandu wa mayi amene anapanga nikah mu restaurant ku London mu 1998 nkubereka ana anayi.

Ife a ku Malawi timagwa mmbuna imeneyi mosavuta chifukwa kwathu lamulo limazindikira ukwati wa chinkhoswe, wa kutchalitchi, wa kumzikiti, ngakhale wongolowana mukakhalitsa. Kuno zongolowana kulibe, mukhale zaka 30 ndinu chibwenzi basi. Ndipo izi zikukhudzanso ife akhristu amene timadalitsidwa ndi abusa mu holo ya renti Loweruka nkumati takwatirana, ndikudziwa mabanja angapo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye achemwali, mwana wanu ali ndi zaka 24, simungamuletse, mukalimbana naye mungomutaya. Muitaneni mnyamatayo adzadye nsima, nkhuku mugule ya halal, muone mmene amayankhulira ndi mwana wanu pamaso panu. Mufunse ngati mtsikanayo akukakamizidwa kusintha chipembedzo, kusiya ntchito kapena kusiya anzake, mufunse mwana wanuyo payekha. Chachikulu, nikah isachitike popanda ukwati wa ku register office, kapena ichitikire mumzikiti wolembetsedwa kumangitsa maukwati, notice (chidziwitso cha ukwati) amapereka ku register office masiku osachepera 29 tsikulo lisanafike. Akamati "tidzapanga pambuyo" mukane, msuweni wanga anauzidwa zomwezo. Mnyamata akavomera kusaina mosavuta, gulani chitenje cha pa ukwati. Akayamba kuzemba ndilembereninso.